A Kefasi ndi Chitseko cha Polisi Yakale

Ukalamba wa tenanti ndi wowawa. Manja akangoleka kusoka fodya, mwini esiteti amafuna nyumba yake. Ndi mmene zidawachitikira a Kefasi ndi akazi awo a Veronika, amene adachoka ku Phalombe tsitsi lili bii n'kudzakalambira m'minda ya eni ku Mchinji. Kwawo kunalibenso wowadziwa.

Komatu mwayi unalipo. Matipate atabwera, apolisi adasamukira ku ofesi yatsopano, ndipo anthu adakana kuti nyumba yakale ya polisiyo igwetsedwe. Ampingo adaikonza kuti muzikhala okalamba osowa kolowera. A Veronika adakondwa, koma bambowo ayi.

"Ine m'menemuja? Adandilowetsamo atandimanga chingwe ngati mbuzi, msika wonse ukuonerera, nkhani yake kadi ya chipani. Anthu adzati Kefasi wabwerera ku selo yake."

"Nanga anthuwo atifolera denga?" adafunsa mayiwo.

Koma a Kefasi akati ayi, ngakhale ng'ombe zapangolo sizingawakoke. Adakatchinga mphasa m'chigafa chosiyidwa, n'kumati ndi nyumba. Mvula itayamba, denga lidadontha paliponse, mphepo n'kumalowa mbali zonse. Posakhalitsa a Veronika adadwala chifuwa, thupi n'kumatha ngati sopo. Apa mantha adawagwira akuluwo, poti mayi ameneyu ndiye anali mbale wawo yekhayo padziko.

Tsiku lina adawakweza mayiwo panjinga yobwereka, bambowo chipewa atachitsitsira kumaso. Pakhonde la polisi yakale adapeza nkhalamba zikusewera bawo. Palibe adaseka.

"Mwachedwatu, achimwene," adatero a Goliati, amene nawonso adagonamo m'masiku a kadi. "Chipinda chanu chomwe chija chikukudikirani. Koma taonani chitsekocho."

A Kefasi adayang'ana. Mpiringidzo umene kale unali kunja, amisiri adauzula n'kuukhomera mkati. Adatseka, adatsegula, adatsekanso ndi dzanja lawolawo, misozi ili mbwembwembwe.

A Veronika adachira mvula isanathe, ndipo ndiwo adayamba kulima mpiru kuseri kumene kunkaima galimoto ya apolisi. Bambowo akaikumbuka nkhaniyi amangopukusa mutu, poti padatsala pang'ono kuti aike mkazi wawo m'manda poopa pakamwa pa anthu. Akuluakulu sadaname: mbewa ya manyazi idafera kuuna.