Tiyi Wopanda Chidindo

Inu amene mwalowa m'kalabu yathu chaka chino, musafulumire kunyamuka. Malamulo mwawamva. Tsopano imvani fanizo.

Panali mayi wina kumapiri kolimidwa tiyi, dzina lake Felesiya. Anali ndi munda waung'ono umene mayi ake anamusiyira. Kumtunda kwa mundawo kunali munda wa mlongo wake wamkulu, Wedisoni. Wedisoniyo ndiye anali mwinimbumba. Ndiye anaima ngati nkhoswe pa ukwati wa Felesiya, ndipo mwamuna wa Felesiya atamwalira, ndiye anafolera nyumba yake mvula isanagwe.

Onse awiri anali m'kalabu imodzi ya alimi. Kalabuyo inali ndi chiphaso, ndipo tiyi wake ankapita kunja ali ndi chidindo chouza wogula kuti analimidwa mosamalira nthaka, madzi ndi anthu. Chidindocho chinali ndi zofuna zake. Mlimi asalime kufika m'mphepete mwa mtsinje. Asatume ana kukathyola tiyi nthawi ya sukulu. Asapopere mankhwala oletsedwa. Chiphasocho chinali chimodzi cha onse, moti tiyi wolakwika akapezeka m'katundu wa kalabu, onse ankalandidwa.

Alimi sankachiona mofanana. Ena ankachiyamikira, chifukwa ndalama yapamwamba imene ogula ankawonjezera ndiyo inakumbitsa mjigo pamudzipo. Ena ankati ndi goli. Wedisoni anali wa gulu lachiwirili. Iye ankati, "Amene analemba malamulowa sanagwirepo khasu. Amamwa tiyi atakhala pampando, ife msana ukuthyoka." Felesiya sankamutsutsa, chifukwa mawuwo anali ndi choonadi chake. Nayenso misonkhano inkamutopetsa, ndipo kupalira ndi manja kunkamupweteka m'chiuno.

Chaka china mvula inachuluka, udzu unakula mofulumira kuposa manja a olima. Wedisoni anagula kwa venda mankhwala opha udzu, a m'botolo lopanda dzina, n'kupopera munda wonse. Mlangizi wa kalabu podutsa anaona udzu utapserera pakati pa mizere, ndipo anadziwa. Komiti inamuimitsa kaye Wedisoni. Inamuuza kuti tiyi wake asakwere sikelo ya kalabu mpaka nyengo ithe. Wedisoni anayamba kugulitsa kwa wogula wina wosafunsa za chidindo, amene lole yake inkabwera mwa apo ndi apo.

Inali miyezi ya njala, ndipo nkhokwe ya Wedisoni inali itaphwa. Tsiku lina iye ndi mkazi wake anathyola tiyi kuyambira m'mawa mpaka matumba anadzaza. Dzuwa litapendeka, kunamveka kuti lole ija yatitimira m'matope kuchigwa, sibwera. Inu mukumudziwa tiyi. Tsamba lothyoledwa silidikira mawa. Limatentha lokha m'thumba, limafiira, kenako limatayidwa.

Wedisoni anasenza matumba ake n'kukaima panjira yopita kushedi ya kalabu, koyezera tiyi. Posakhalitsa Felesiya anatulukira, atasenza tiyi wake wa tsikulo.

"Achemwali," anatero Wedisoni motsitsa mawu, "thirani masambawa pamodzi ndi anu. Akwere sikelo pa dzina lanu."

Felesiya anatula katundu wake. "Achimwene, awa ndi a m'munda wopopera uja?"

"Tsamba ndi tsamba. Ndani angawasiyanitse?"

Zinali zoona. Kalaliki wa pasikelo sakanadziwa. Woyendera minda wochokera kwa eni chidindo anali atadutsa kale chaka chimenecho. Panjirapo panalibe wina wowaona.

Wedisoni anapitiriza kuti, "Kunyumba kwanga kulibe ufa. Ine ndine mlongo wanu, bere limodzi. Kapena pepala ndilo lasanduka mbale wanu?"

Mawuwo anamulasa Felesiya. Anakumbukira denga la nyumba yake. Anayang'ananso kumunsi kushedi, kumene anzake a m'kalabu anali pamzere ndi matumba awo. Ena mwa iwo anali atasiya mizere yabwino ya tiyi m'mphepete mwa mtsinje kuti chiphaso chisachoke. Palibe mmodzi wa iwo amene anafunsidwa ngati akulola kuti chiikidwe pachiswe.

Ndipo anati, "Achimwene, chidindocho si changa ndekha kuti ndikubwerekeni. Koma masamba angawa ndi anga. Ndikawakweza pasikelo, ndalama zonse zotuluka m'menemu ndi zanu. Mawanso ndikathyola, ndi zanu. Anuwo bwererani nawo."

"Nanga ana anu adya chiyani?"

"Chinangwa chilipo kuseri."

Atatero anasenza katundu wake n'kutsetsereka.

Wedisoni sanathokoze. Anabwerera n'kukakhuthula masamba ake kudzala, ndipo kwa nthawi yaitali sanaponde pabwalo pa mlongo wake. Abale atamva nkhaniyo, ena anati Felesiya ndi wouma mtima. Ena anati wayamba kudzimva chifukwa cha kalabu. Tsiku lolandira ndalama litafika, Felesiya anakapereka kwa mlamu wake, mkazi wa Wedisoni, zimene analonjeza, osachotsapo kanthu. Mwezi umenewo kunyumba kwake anadya chinangwa m'mawa ndi madzulo, ndipo ana ake anadandaula.

Palibe amene anamuombera m'manja. Komiti sinadziwe. Ogula akunja sanamvepo dzina lake. Tiyi wa kalabuyo anangopita monga mwa masiku onse, ndipo chimene chidindo chinanena za iye chinali choona.

Mvula itayamba kuchepa, Felesiya anamva khasu likulira kumtunda. Anali Wedisoni, akupalira. Tsiku lotsatira Felesiya anatenga khasu lake n'kukayamba mzere woyandikana naye. Anapalira limodzi mpaka masana. Nyengo itatha, komiti inamulandiranso Wedisoni.

Musaganize kuti anasiya kudandaula. Ogula atabwera kudzakumana ndi alimi, iye ndiye anaimirira poyamba. Anawauza maso ndi maso kuti malamulo akuchuluka chaka ndi chaka, ntchito ikulemera, koma mtengo ukutsalira m'mbuyo. Felesiya anaimirira pambuyo pake n'kunena kuti, "Zimene anena achimwenewa ndi zoona." Ogulawo sanavomere zonse, koma anamvetsera mpaka pamapeto ndipo zina anasintha. Sakanatha kunyozera anthu amene tiyi wawo sanapezekepo ndi bodza.

Tsono inu, abale anga, mwina chidindochi mukuchikonda, mwina mukuchiona ngati goli. Zonse ziwiri ndi zololedwa pano. Ngati lamulo likukupsinjani, linenereni pamsonkhano, mokweza, ndipo tidzaima nanu. Koma musalithyole mobisa pasikelo. Munthu amene adzamwe tiyi wanu sadzaona munda wanu, ndipo inu simudzaona nkhope yake. Chidindo ndi mawu anu opita kumene miyendo yanu sidzafika, ndipo pamodzi ndi anuwo pali mawu a mnzanu amene mwakhala naye pafupiyo.

Tsiku lidzabwera pamene wina amene mumamukonda adzakuimitsani panjira ndi thumba lake. Musamubweze chimanjamanja, pakuti ndi mbale wanu. Koma mumuthandize ndi zimene zili zanu. Zimene ndi za tonse, zisiyeni zifike kushedi zili zoona.