Thole la ku Elswray

Khitchini ya nyumba yaikulu ya ku Elswray ndi chipinda chokhacho chimene mphepo ya kunyanja sifikamo, n'chifukwa chake nkhani zonse za pamalopo zimakambidwira mmenemo. Mmawa wina mu Epulo, Imogen Harbottle, amene anali atangosiyiridwa malowo ndi malume ake, ankamwa tiyi ndi a Nesbit, mkulu woyang'anira paki. Imogen anagwira ntchito ya uzamba mumzinda zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo kunena mosapsatira, anthu otere savomera kuti pali kubadwa kwina kumene iwo sakudziwa.

Nkhani inali ya ng'ombe zoyera. Chimangire makolo a Imogen mpanda wamiyala wozungulira pakiyo, kuyambira kuphompho la kunyanja mpaka kumsewu, zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo, ng'ombezo zakhala zikudzisunga zokha. Sizikamidwa, khola sizilidziwa, jakisoni sizinamulaweko. Nkhondo zinadutsa, nyumba inapsa kawiri, ng'ombe zili pomwepo. Koma tsopano zinali zitatsala khumi ndi zinayi, nkhunzi imodzi yokha, yokalamba ndi yotsimphina. Kwa zaka zisanu mathole ankabadwa aakazi okhaokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhunziyo ikangogwa, mtundu watha.

"Ndinaona thole dzulo," anatero a Nesbit. "Lamphongo, mayi! Latha ngati sabata chibadwire. Ndinalira ngati mwana, koma musauze munthu."

"Lili pati? Ndikalione."

"Ndi maso, inde. Dzanja ayi. Paki ino lamulo lake ndi limodzi, ng'ombe sikhudzidwa, chifukwa..."

"Ndikudziwa, a Nesbit, ndikudziwa. Amalume ankaimba nyimbo yomweyo akalawa kapu yachitatu ya mowa. Zimenezo muziopseza nazo alendo."

A Nesbit anameza mawu awo pamodzi ndi tiyi. Nawonso ali ndi kamtima kawo. Munthu akawadula pakamwa, sabwereza.

Kutacha, kunja kunali chifunga ndi mvula yowaza yozizira. Imogen anayendetsa kagalimoto kake m'mbali mwa mpanda, ndipo chakufupi ndi phompho anaona kanthu koyera m'ziyangoyango. Linali tholelo, lokhalokha, lonyowa, litagona zii, maso okha ndiwo akuphethira. Gulu la ng'ombe linali kutali, kutsidya kwa dambo. Mtima wa mzamba unawawa. Foni inali m'thumba, nambala ya a Nesbit ili momwemo, koma anaganiza kuti madalawo angonena kuti lisiyeni. Amuna adziwa chiyani za khanda lozizidwa?

Anavula chikhothi chake, nalikulunga, nalinyamulira m'galimoto. Kukhitchini analigoneka pafupi ndi mbaula, kulipukuta ndi thawulo, kulipaka mankhwala pamchombo monga anachitira ndi makanda zikwi. Pasanathe maola awiri anali atalibweza pamalo pomwe paja, louma, lofunda. Anabwerera kunyumba akung'ung'udza kanyimbo, akudikira tsiku lodzawauza a Nesbit amene anapulumutsa nkhunzi yawo.

Masana a Nesbit anatulukira ali wefuwefu. "Valani nsapato, mayi, lero ndi lero! Mayi wa thole lija akukalionetsa ku gulu. Ine ndaziona kanayi kokha moyo wanga wonse."

Pokwera kachitunda, chisangalalo chinawamasula lilime. Anafotokoza kuti ng'ombe zimenezi zikabereka, mayi amabisa mwana patchire kwa sabata, n'kumabwera mozemba kudzamuyamwitsa. "Ungalipeze lili phee, n'kumati lafa. Ayi ndithu, likumvera mayi wake. Kenako nkhunzi ilinunkhiza. Likamveka fungo la kwawo, lalowa m'banja."

Imogen anakumbukira thawulo ndi mankhwala aja. Anafuna kufunsa za fungo la munthu, koma anaopa yankho lake.

Onse awiri anagona chafufumimba pamwamba pa chitundacho. Mmunsimo ng'ombe yaikazi inkabwera, thole likudzandira pambuyo pake. Koma mayiyo sankalidikira. Ankayenda, kucheuka, kupukusa mutu, n'kupitirira.

"Iii, zimenezi sindinazioneko," ananong'ona a Nesbit.

Nkhunzi inadza pang'onopang'ono, n'kuika mphuno pamsana pa tholelo. Inanunkhiza kumutu, kumimba, n'kubwereranso kumimba. Kenako inapalasa pansi kamodzi, n'kuligunda ndi nyanga. Imogen anaona kanthu koyera kakuuluka m'mwamba n'kugwa. Kanayesa kudzuka, kakulira. Ng'ombe zina zinathamangira pomwepo, nyanga zili pansi. Mayi wa tholelo anapotoloka n'kuyamba kudya msipu.

Imogen anakuwa, nadzambatuka kuti atsetsereke, koma a Nesbit anamugwira mkono mwamphamvu.

"Mukupita kuti? Zikuphani inunso!"

Sizinatenge nthawi. Ng'ombe zitabalalika, pansi panatsala kanthu kosatinso koyera. A Nesbit anali chiimire, kukamwa yasa, nkhope itatuwa.

"Lanunkha munthu," anatero. "Palibe china. Koma ndani? Zipata ndimakhoma ndekha. Kiyi wina ali..."

Sanamalize. Anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Ndine," anatero Imogen, mawu osamveka bwino. "Linali lokha, a Nesbit. Linali lonyowa. Ndinangolifunditsa."

"Munalinyamula? Ndi manja anuwa?"

"Mpaka kukhitchini. Ndinalipakanso mankhwala pamchombo."

Mkuluyo anavula chipewa n'kukhala pansi paudzu wonyowa, ngati munthu womenyedwa ndi chibonga.

"Agogo anga analondera ng'ombe zimenezi," anatero kenako. "Chaka cha chipale chofewa choopsa anaziona zikugwa imodziimodzi, manja ali m'thumba, misozi ikuuma m'masaya. Mukuganiza kuti analibe chifundo?"

"Bwanji simunandiuze kuti zimapha?"

"Munati mukudziwa, mayi."

Nkhunzi yokalamba ija inapirira nyengo yozizira imodzi, yachiwiri inaigonjetsa. Inasiya mathole awiri, onse aakazi. Anthu ophunzira anabwera ndi maganizo obweretsa nkhunzi ya kwina, ndipo mwina adzatero, koma zobadwazo sizidzakhalanso ng'ombe za ku Elswray. Lero zatsala zisanu ndi zinayi, zonse zazikazi, zikukalamba pamodzi mkati mwa mpanda. Imogen amaziwerenga mmawa uliwonse ataima kunja, ndipo kuyambira tsiku lija sanagwirenso khanda la munthu, ngakhale la mdzukulu wake, osayamba wapempha.

Za chifundo, Imogen anali nacho chodzadza mtima, ndipo manja ake anali aluso. Chimene chinamukanika ndi kutulutsa foni m'thumba n'kunena kuti, "A Nesbit, ndalipeza lokha, nditani?" Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.