Nkhono ya pazenera la Mwatitha

Miyambi nayo ili ndi kwawo, ana inu. Ina inabadwira kumunda, ina pabwalo la milandu. Walerowu unabadwira m'labu ya sayansi, pakoleji ina ya kumapiri, m'nyengo ya dzinja.

M'labumo munali mtsikana wina wophunzira, dzina lake Mwatitha, wanzeru koma waphuma. Ntchito yake inali pa botolo lalikulu lagalasi. Ankalowetsamo mpweya wa okosijeni n'kuugwedeza ndi mafunde a wailesi mpaka uyambe kuwala. Mpweya wowala choterowo amautcha pulazima. Mkati mwake mumayendayenda timagetsi tosaoneka totchedwa maelekitironi, ndipo okosijeni, pokhala wadyera, amameza ena mwa iwo. Kachidutswa ka okosijeni kamene kameza elekitironi amakatcha ayoni ya negetivu. Mwatitha anayenera kupeza kuti pa elekitironi iliyonse yotsala pali maayoni angati. Poyeza ankadalira kawaya kopyapyala kolowa m'botolomo, kolumikizidwa ku mita, kachipangizo kokhala ndi muvi woloza manambala.

Vuto linali lakuti silinda, chitini chachitsulo chosungiramo okosijeni, inali yomaliza, ndipo panalibe chiyembekezo cha ina chaka chimenecho. Ikanatha muyeso usanapezeke, Mwatitha akanabwereza chaka anzake akuvala mikanjo yotsirizira maphunziro.

Tsono mtsikanayu analeredwa ndi mayi osalola makala kuyaka pambaula popanda mphika, ndipo khalidwe limenelo analowa nalo m'labu. Ankayatsa makina, kuwerenga mita msangamsanga, n'kuthimitsa kuti mpweya usapite pachabe. Koma muvi wa mita unkangovina, m'mawa unene izi, masana unene zina.

"Makinawa ndi okalamba, adokotala," anadandaula kwa mphunzitsi wake, a Dokotala Kaliwo.

"Ine ndine wamkulu kuposa makinawo, mwanawe, koma sindinama," anatero iwo akuseka. "Ukawayatsa umawapatsa nthawi?"

"Ndimawapatsa ndithu," anayankha Mwatitha, poti kwa iye kuphethira kawiri inali nthawi yokwanira.

Tsiku lina mvula itangokata, mpweya utatsala pang'ono, anayatsanso makina. Muvi unavina monga mwa masiku onse. Mtima unamuwawa, misozi inalengeza, ndipo anachoka n'kukaima pazenera. Pamenepo panali nkhono ikukwawa. Pofuna pophwetsera mkwiyo, anaigogoda ndi cholembera, iyo n'kubweza tinyanga take.

"Nawenso ukundibisira?" anaifunsa. Anaigogodanso, nkhono n'kulowa yonse m'chigoba.

Atatopa anagwira tsaya n'kumangoiyang'ana. Panapita nthawi ndithu. Kenako kamutu kanasuzumira, tinyanga tinatalika pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake kunali timaso tiwiri takuda. Chibadwire Mwatitha anali asanaonepo maso a nkhono, moti anaseka yekha.

Apo m'pamene anakumbukira kuti makina sanathimitse. Anathamanga mtima uli m'mwamba, akuwerengera mpweya umene wawonongeka. Dzanja lili kale paswichi, maso ake anagwera pamita. Muvi uja unali chilili, osagwedera ngakhale pang'ono.

Anaitana a Kaliwo, iwo n'kuyang'ana mita, n'kugwedeza mutu mokondwa.

"Makoma a botololi amasunga chinyezi, kawayaka nako kamakhala ndi litsiro," anafotokoza. "Pulazima imayamba yasesa zonsezo isanaonetse nkhope yake yeniyeni. Iwe umafunsa mlendo nkhani asanakhale n'komwe pansi. Lero wakuuza ndani kuti udikire?"

Mwatitha analoza pazenera mwamanyazi n'kuwauza za timaso tija. A Kaliwo anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Basi, mphunzitsi wako ndi ameneyo," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwatitha anabwereza muyeso, ulendo uno manja atapinda, ndipo muvi unaimanso pomwe paja. Mpweya wotsalawo unakwanira. Wambiri unali utathera pa kuyatsa ndi kuthimitsa kuja, kumene iye ankaganiza kuti n'kusunga. Mkanjo anavala limodzi ndi anzake, ndipo mawu a Dokotala Kaliwo aja anatuluka m'labu n'kufalikira m'midzi.

N'chifukwa chake akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akutanthauza kuti zilipo zinthu zimene zimabisala ukazikakamiza, kaya ndi yankho la samu, kaya ndi zakukhosi kwa mnzako amene wakhumudwa. Ukazigogoda zimalowa m'chigoba. Khala pansi, pinda manja, zidzakusuzumira zokha.