Kapitawo Amene Anakana Utuchi

Kunali munthu wina wa kwathu konkuno amene anapita kunja kukagwira ntchito pa fakitale yophika miyala. Ndati yophika miyala, simunamve molakwa. Mwala wogula kusitolo uja mumanolera mpeni, ndi timchenga takuda tija amamata pa pepala lokwechera matabwa, sakumba pansi ayi. Amachita kuphika.

Kaphikidwe kake n'kotere. Ng'anjo yake ndi yaitali ngati khola la ng'ombe, yopanda denga. Amathiramo mchenga woyera ndi makala a malasha, zosakaniza bwino, ndipo pakati penipeni amayala mzere wa makala osalala umene magetsi amadutsamo. Akayatsa, mzerewo umatentha kuposa moto uliwonse munauonapo, masiku awiri osazima. Mchenga ndi makala zimagwirana n'kusanduka mwala wolimba woti umadya chitsulo. Koma pali chachitatu chimene amathiramo, ndicho utuchi. Utuchi wamba, womwe uja akalipentala amakupatsani ulere kuti mukayale m'khola la nkhuku.

Munthu wathuyu anagwira fosholo pa fakitaleyo zaka zisanu ndi zinayi. Ntchito ankaidziwa, ulesi analibe, koma utuchi ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Bambo ake anali ocheka matabwa, ndipo iye ali mwana ankafika kusukulu utuchi uli mbuu m'tsitsi, anzake n'kumamutcha Chautuchi. Munthu anakula, ndevu zinamera, koma dzinalo linali likumuyabwabe.

Chaka china kapitawo wakale anapuma pa ntchito. Bwana anaitana munthu wathu uja nati, "Ng'anjo yachitatu ndakupatsa iwe, uiyang'anire ngati kapitawo. Ikatuluka bwino, ukapitawo ndi wako."

Basi mutu unayamba kuyenda. Anati mumtima mwake: ng'anjo ndaphwasula zambirimbiri, koma m'mwala wopsa sindinapezemo utuchi ndi kamodzi komwe. Chinthu cholowa osatuluka n'chantchito yanji? Malo ake nditathirapo mchenga ndi makala, mwala uchuluka, bwana aona kuti sanalakwitse kusankha. Nzeru zoterezi zimamveka bwino munthu akamadziuza yekha.

Pagulu lake panali a Sakwata, bambo wachikulire amene anakalambira pa ntchito yosakaniza. Ataona kuti ng'anjo ikudzaza, anaika fosholo pansi.

"Akapitawo, utuchi sitinathire."

"Sitithira. Ndikufuna mwala, osati phulusa."

"Nanga ng'anjo ipumira pati?"

"Kodi ng'anjo ili ndi mphuno, a Sakwata?"

Anthu anaseka, poti wonena anali kapitawo. Ndipo sanalekere pomwepo: analamula kuti apondeponde pamwamba, zonse zithinane bwinobwino.

Tsono ndikuuzeni chimene a Sakwata ankanena. Mchenga ndi makala zikamagwirana pamoto, zimatulutsa mpweya woipa, wambiri zedi. Utuchi ndiye umayamba kupsa. Ukapsa umasiya timabowo paliponse pamene unali, ndipo mpweya uja umatsata timabowoto mpaka kutulukira m'mbali mwa ng'anjo, n'kumayaka timalawi tabuluu. Antchito akaona timalawito amati ng'anjo ikupuma. Munthu wathuyu zonsezi anazimvapo. Kungoti ankati ndi zokamba za madala, mpweya sungasowe potulukira.

Anayatsa magetsi. Tsiku loyamba ng'anjo za anzake zinali pa phokoso, kufwenthera, kununkha, malawi mbali zonse. Yake inali phee. Apo ndi apo kalawi kamodzi, kenako zii. Iye ankayenda manja ali kumbuyo, kuyang'ana anzake ndi diso la chisoni. A Sakwata tsiku limenelo chakudya chamasana sanadye. Ankangozungulira ng'anjoyo, kuwerama, kusuzumira m'mbali.

"Akapitawo, ng'anjo yathu yakhala chete."

"Kumeneko ndiye kufatsa. Kapumeni."

A Sakwata sanakapume.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, kapitawo uja anaima pafupi ndi ng'anjo yake akuganiza mmene akalembere kalata kumudzi. Pamwamba pa mchenga panayamba kutukumuka pang'onopang'ono. Iye sanaone. Anangomva munthu wamugwira kolala n'kumukokera pansi, ndipo nthawi yomweyo ng'anjo inaphulika. Mchenga wamoto unakwera mpaka ku malata a fakitale, njerwa za m'mbali zinagwa, makala anamwazika bwalo lonse. Mpweya wa masiku awiri unatuluka pa kamphindi kamodzi.

Iye anadzuka wopanda bala. Amene anamukoka anali a Sakwata, ndipo mkono wawo wamanja unapsa kuyambira paphewa mpaka m'zala. Mkono umenewo sunagwirenso fosholo. Zimenezi zimandiwawa ine pozinena, chifukwa wolakwa anali wina, wopsa wina. Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma pano nkhwangwa inagwera mutu wa amene ankachenjeza.

Bwana atafika sanalalate. Anayang'ana ng'anjo, anayang'ana kapitawo, nafunsa funso limodzi: "Utuchi uli kuti?"

Unali kuseri, mulu wonse, wouma bwino, wosakhudzidwa.

Patapita sabata bwana anaitana kapitawo uja ku ofesi kuti akamuchotse ntchito. Anakonzekera zodzikanira, poti pakamwa pake mawu oti pepani anali asanatulukepo chibadwire. Atalowa anapeza a Sakwata afika kale, mkono uli m'mabandeji, ndipo ndi iwo anayamba kulankhula.

"Pepani bwana, inenso ndinalakwa. Ndinaona, koma sindinabwere kudzakuuzani. Mwanayu musamuchotse, ali ndi banja."

Munthu uja zodzikanira zonse zinamuthera. Anagwira mpando, nalira ngati pamaliro, wamkulu ndi ndevu zake.

Ukapitawo unapita kwa wina. Munthu wathu uja bwana anamusiyira ntchito imodzi, yokankha wilibala ya utuchi kuchokera kuseri kukafika ku ng'anjo. Madzulo aliwonse ankatuluka pa geti utuchi uli mbuu m'tsitsi, ndipo sankaukutumulanso.

Abale anga, mchenga ndi wouma, makala ndi ouma. Mwala wolimba uja supangika ndi zouma zokhazokha. Pafunika china chofewa, cholola kupsa, choti pomaliza osaoneka n'komwe.

Utuchi umenewu ndi kulolera. M'nyumba mwanu muli anthu awiri olimba mitu, ndipo moto sulephera kubwera: matenda, njala, achibale, mawu a dzana. Zikamatentha chomwecho mpweya woipa umatuluka ndithu, ngakhale mwa anthu opemphera. Funso ndi lakuti utulukira pati. Mulungu anaika kanjira kake, ndiko kunena kuti pepani, kusiya mnzako amalize kulankhula, kugonja pa mkangano umene ukanatha kupambana. Ukatero umapsa, sindikunamizani. Kudzikuza kwako kumasanduka phulusa, ndipo banja likalimba palibe amene adzaloze kuti apa ndi pamene mayi uja analolera. Anthu sadzaona, koma Mwini ng'anjo amadziwa zonse zimene anathiramo.

Ena mwa inu mumati, "Kwathu kulibe phokoso, sitikangana." Mwezi wathunthu osalankhulana, mbale kumangokankhirana ndi chala, inu n'kumati ndi mtendere. Imeneyo ndi ng'anjo yachitatu. Ndipo tsiku lophulika sapsa wouma mutu yekha ayi. Amapsa amene waima pafupi, kawirikawiri ana.

Tsono tikatuluka muno, pa awiri inu wina ayenera kukhala utuchi lero lomwe. Ndakuonani mwayamba kale kuyang'ana mnzanuyo. Musamuyang'ane, ndikunena inuyo.