Mkanjo wa Ndaziona

Kalekale, komatu osati kale la mikondo ndi zishango, kale la dzanadzanali mafoni atafika kale m'matumba mwa anthu, kunali mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Anali ndi manyazi osasimbika. Mlendo akamupatsa moni, iye ankayankha akuyang'ana zala za kumapazi. Koma mutu unalipo, ndipo atakhoza mayeso a Fomu 4 anasankhidwa kupita ku koleji ina ya kuphiri. Kumeneko ophunzira sankapatsidwa phunziro limodzi lokha. Ankalawa zonse: mbiri yakale, luso la kaganizidwe, zisudzo, zachilengedwe, ndi zina zotero.

Bambo ake, a Mtambalika, omwe ankakonza njinga pamsika wa kwawo, sanakondwe nazo. "Kodi iwe, ukamaliza udzakhala ndani? Namwino ayi, mlangizi ayi. Sukulu ya chilichonse imeneyi ikudyetsa?" Funsolo linkamuwawa Ndaziona mumtima.

Pa kolejiyo panali mwambo. Tsiku lomaliza maphunziro, wophunzira aliyense ankatchula mphunzitsi woti amuveke mkanjo pamaso pa anthu onse. Ankatchula mmodzi basi, ndipo kwa mphunzitsi panalibe ulemu woposa umenewo.

Woyamba kumugwira Ndaziona anali Mayi Chisuse, mphunzitsi wa zisudzo, mayi wamfupi koma wa mawu ngati ng'oma. Atamva kanong'onong'o ka mtsikanayu, anamutengera ku bwalo la mpira, kumuimika pa golo ina, iwo n'kukakhala pa golo inayo akusenda nthochi. "Sindikumva, mwana wanga! Mawu achokere m'mimba, osati m'mphuno. Ndipo ukafuna kuyankhula ndi khamu, kwera pamalo okwera, mapewa uwongole." Ndaziona analira, anyamata a mpira anamuseka, koma chaka chisanathe mawu ake ankafika ku golo inayo n'kupitirira. Mayi ameneyu Ndaziona ankamukonda ngati womubereka.

Wachiwiri anali Bambo Gwaza, mphunzitsi wa kaganizidwe, munthu amene palibe anaonapo mano ake. Lamulo lawo linali limodzi: "Usanamutsutse munthu, yamba wanena mfundo yake mpaka iye mwini avomere kuti wainena bwino." Ndaziona, poti tsopano mawu anali nawo, ankathamangira kutsutsa. A Gwaza anamulepheretsa mayeso osaphethira n'komwe, mtsikanayo n'kubwereza phunzirolo anzake atapita kutchuthi. Kunena zoona, Ndaziona ankadana nawo bambo amenewa, ndipo ine sindimuimba mlandu.

Wachitatu anali Bambo Chidzanja, mphunzitsi wa mbiri yakale, nkhalamba yoyiwala magalasi ali pamphuno. M'kalasi mwawo anthu ankasinza. Koma tchuthi chikayandikira ankati, "Safunsa anadya phula. Pitani kwanu mukafunse kuti banja lililonse linafika bwanji pamenepo." Ndaziona anapita monyinyirika, n'kukakhala pakhonde la telala wina wokalamba pamsika, kumvetsera za anthu amene iye ankawaona tsiku lililonse osawadziwa.

Tsopano imvani. Kutatsala pang'ono kuti alandire mkanjo uja, Ndaziona anapita kwawo. Chinali chaka cha njala, ndipo mphekesera inali itafala yoti kwabwera anamapopa, anthu opopa magazi a anzawo. Tsiku la msika, masana dzuwa likuswa mtengo, kunatulukira mnyamata wa ku Karonga dzina lake Mwakasungula, wotumidwa kudzayeza malo okumba mjigo. M'chikwama mwake anthu anaona timapaipi ndi timabotolo. Chichewa chake chinali chotsimphina, ndipo mantha anachitsimphinitsa koposa. Posakhalitsa anali atamangidwa ku mtengo wa mkuyu wa pamsikapo, magazi ali chuchuchu pamphumi. Wina anabwera ndi tayala, wina ndi botolo la petulo. Wotsogolera khamulo anali a Likaka, wogulitsa nyama, amene mwana wawo anali chigonere ndi matenda osadziwika.

Ndaziona anali pomwepo pamsika. Anaona bambo ake ataima cha kumbuyo, sipanala ili m'manja, osadziwa chochita. Kenaka anaona ngolo ya ng'ombe, n'kukwerapo, n'kuwongola mapewa.

"Bambo Likaka!"

Mawuwo anadula phokoso lonse. Anthu anatembenuka, ena n'kufunsana ngati ameneyu analidi mwana wa a Mtambalika, uja wosayang'ana munthu kumaso.

Pakamwa pake panadzaza mawu oti anamapopa kulibe, ndi bodza, ndi umbuli. Anawameza. M'malo mwake anati, "Bambo, ndiloleni ndinene zimene mukunena, mundikonze ndikalakwitsa. Mwana wanu akudwala, kuchipatala sanapeze kanthu. Usiku simugona. Munthu uyu wabwera ndi zida zachilendo osauza aliyense, ndipo mukuona kuti mukamusiya, mawa mudzaika maliro. Ndanena bwino?"

A Likaka anadabwa. Anali atakonzekera kutukwanidwa, osati kumvedwa. "Ndi momwemo, mwanawe," anatero, mawu atatsika. Khamu nalo linatsika nawo.

Apo Ndaziona analoza mtengo uja. "Bambo, mkuyu uwu unamangidwapo munthu kale. Anabwera kuthawa nkhondo kutsidya kwa malire, chilankhulo chathu osachidziwa, anthu n'kumati ndi kazitape. Amayi ogulitsa tomato ndiwo anamumasula, n'kumupatsa madzi. Munthu ameneyo anali bambo anu okuberekani. Akanamuwotcha tsiku lija, inu mukanakhala kuti? Mwana wanu akudwalayo akanakhala kuti?"

Telala wokalamba uja anagwedeza mutu kuvomereza. A Likaka anatenga mpeni wawo wodulira nyama, anthu n'kugwira mtima, koma anakadula chingwe chomwe anamangira mnyamata uja. Mwakasungula anapulumuka, ndipo mjigo anaukumba mwezi wotsatira. Anthu a pamsikapo anasankha Ndaziona kuti atsogolere komiti yoyang'anira mjigowo, akulu a imvi atakhala pomwepo osadandaula. A Mtambalika sanafunsenso kuti mwana wawo adzakhala ndani.

Nkhani ili ndi miyendo. Inakafika ku koleji Ndaziona asanafike, ndipo aphunzitsi atatu aja anayamba kukangana pomwa tiyi.

Mayi Chisuse anati, "Anzanga, tisavutane. Popanda mawu aja, ndani akanatembenuka? Nzeru zonse zikanafera kukhosi. Mkanjo ndiveka ndine."

A Gwaza anati, "Kufuula ngakhale tambala amafuula. Akanati ndi bodza, nayenso akanamangidwa pa mtengo womwewo. Chimene chinatsitsa mkwiyo ndi lamulo langa, ndipo ndinalolera kuti mwanayo adane nane kuti aligwire."

A Chidzanja anafunafuna magalasi awo, n'kuwapeza pamphuno. "Anthu anamumva, mkwiyo unatsika, kenaka? Petulo anali akadali m'botolo. Chingwe chinadulidwa ndi nkhani ya mkuyu, ndipo amene anamutuma kukafunsa ndine. Komanso chaka chino ndikupuma ntchito, ndipo chiyambire palibe wophunzira ananditchulapo."

Tsiku linafika. Bwalo linadzaza, a Mtambalika atavala jekete lobwereka, Mwakasungula atakhala pambali pawo ndi chipsera chake pamphumi. Dzina la Ndaziona linaitanidwa. Anakwera pa nsanja mkanjo uli pamkono, ndipo tsopano sankaopanso khamu. Chimene chinkamuvuta chinali m'mipando yakutsogolo. Mayi Chisuse anali kumwetulira, atayamba kale kusuntha kuti aimirire. A Gwaza anali atapinda manja, akuyang'ana kumbali ngati sizikuwakhudza, koma phazi lawo likugunda pansi. A Chidzanja anali atavula magalasi, akuwapukuta ndi tayi mosalekeza.

Mkulu wa koleji anafunsa monga mwa mwambo, "Ndaziona Mtambalika, akuveke ndani?"

Mtsikanayo anakoka mpweya kuchokera m'mimba, monga anaphunzitsidwira. Ine ndiima pomwepa, poti mkanjo ndi umodzi ndipo manja otambasuka ndi a anthu atatu. Inu amene mwamvetsera, mundiuze: Ndaziona atchule ndani, amene anamupatsa mawu, amene anamuphunzitsa kumva mnzake asanamutsutse, kapena amene anamutuma kukafunsa nkhani ya mkuyu?