Kaseti ya Telala wa pa Kampepuza

Panali munthu wina, telala wa pa Kampepuza, amene ankasokera pakhonde la sitolo. Makina ake anali opalasa ndi mapazi. Anawagula ali mnyamata, ndipo imvi zinamupeza akupalasa omwewo. Lamba akaduka, ankagula wina. Singano ikathyoka, ankaika ina. Choncho munthuyu ankakhulupirira kuti makina safa, amangodikira mmisiri.

Chaka chimene mwana wake woyamba, Lekeleni, anakwatiwa, kunabwera wojambula kuchokera ku Balaka, kamera ili paphewa ngati mtolo wa nkhuni. Anajambula kutchalitchi, anajambula pelekanipelekani, anajambula amayi akuvina msindo, gule wawo wa paukwati. Atatha anasiya kaseti imodzi yakuda, kukula kwake ngati buku la nyimbo. Telala uja anagula deki ndi kanema kuti kasetiyo iziwoneka, ndipo nyumba yake inasiya kusowa alendo. Lamulungu anthu akaweruka kumapemphero ankadzaza pabalaza, ena m'mazenera, kuonera ukwati umene anadya okha.

Patapita zaka, deki inayamba kutafuna matepi. Telala anaopa, naichotsa kaseti ya ukwati isanalumidwe. Deki anaitengera kwa wokonza mawailesi ku boma. Wokonzayo anaitsekula, anayang'ana, naitsekanso.

"Madala, zipangizo za izi zinasiya kubwera. Anthu pano akuonera zimbale."

Telala anaseka. "Ine ndine telala, mwana wanga. Mathalauza otambalala kumiyendo anapita, anthu anawaseka, lero abwerera. Madeki adzabwereranso."

Anafika kunyumba, anakulunga kaseti m'chitenje chatsopano, naiika pansi pa sutukesi. Sutukesi anaikweza pamwamba pa kabati. Adzukulu akafunsa, ankawauza kuti m'menemo muli chuma, ndipo chuma sachigwiragwira.

Zimbale zinabwera, nazonso zinapita. Anthu anayamba kuonera zinthu m'manja, pa foni. Madeki sanabwerere. Ya telala inasanduka poikapo ulusi ndi mabatani.

Tsono m'kaseti muja munali munthu amene panja kunalibenso. Anali apongozi ake, mayi wa mkazi wake, amene anatsogolera nyimbo ya msindo tsiku la ukwati. Gogoyo atamwalira, nyimbo yake inatsala theka. Amayi a m'mudzi ankayamba bwino, akafika pakati n'kumangong'ung'udza, aliyense kuyang'ana mnzake.

Mkazi wa telala, aNamaseko, anali atayamba ng'ala m'maso. M'mawa wina akusankha nyemba pakhonde, anaika lichero pansi.

"Bambo a Lekeleni, nkhope ya amayi yayamba kundithawa. Ndikawaganiza ndimangoona duku lawo. Maso anganso ndi awa, akuchita chifunga. Ndikanakonda nditawaonanso chifungachi chisanatseke."

"Kaseti ili bwinobwino. Ndinaisunga."

"Munaisunga ndithu," anatero mkaziyo, akutola lichero lake. "Ngakhale eni akefe sitikuipeza."

Telala anatenga tepi yoyezera, nanyamuka kukayeza munthu suti kutsidya kwa dambo. Njira inadutsa m'mphepete mwa munda wa mnansi wake. Mapira anali atakhwima, ndipo pamwamba pake panali timalamba takuda ta m'kaseti tomangidwa kumitengo, tikung'anima padzuwa, tikulira ndi mphepo. Telala anaima.

"Achimwene, zimenezi mwazitenga kuti?"

"Ndi ukwati wanga umenewo," anatero mnansiyo, akuseka. "Unachita chuku m'bokosi. Nditautsekula ndinapeza wayera ngati chigumu chogona. Ndinati bola upirikitse mpheta."

Telala anaseka nawo, koma suti tsiku limenelo sanaiyeze. Anabwerera, anatsitsa sutukesi, anamasula chitenje. Kaseti kunja inali yonyezimira ngati yadzulo. Koma atasuzumira pa kazenera kake, anaona timadontho toyera pa tepi, ngati wina wawaza ufa. Chinthu chimene anachibisira ana ndi akuba chinali kudyedwa ndi mdima umene anachibisamo.

M'mawa mwake anavala jekete, kaseti m'thumba lam'kati, nakwera minibasi ya ku Limbe, kumene ankapikula ulusi. Anafunsa wogulitsa ulusi, wogulitsa ulusi anamulozera wogulitsa mafoni, wa mafoni anamuseka pang'ono namulozera wina. Dzuwa lili pamutu anakwera masitepe a nyumba ina, napeza mayi wina m'kachipinda kodzaza ndi madeki akale. Ambiri anali akufa. Ankawasungira kuchotsa zipangizo, kuti amoyo awiri atatu apitirize kuyenda. Ntchito yake inali kusamutsa zam'makaseti kuziika mu kompyuta.

Mayiyo anaitembenuza kaseti ija, naiyang'ana pa kuwala kwa pazenera.

"Bambo, mwabwera nthawi itatsala pang'ono. Chukuchi ndipukuta, koma tepi yafooka. Ikhoza kuyenda kamodzi kokha. Ikhozanso kuduka tisanafike patali. Mukabwerera nayo, mukhala ndi kaseti yathunthu, koma sidzalankhulanso. Mukandipatsa, mwina kasetiyi ithera pano, koma zam'kati mupita nazo. Sindingakulonjezeni. Musankhe ndinu."

Telala anakhala pampando, kaseti ili pachifuwa. Zaka zonsezi palibe dzanja lachilendo limene linaigwira. Akanabwerera nayo, akanauza mkazi wake kuti ku Limbe zakanika, ndipo chiyembekezo chikanagonabe mu sutukesi. Koma ikadukira pano, akamuuza chiyani munthu amene akudikira nkhope ya mayi wake?

Kenaka anakumbukira anthu ena amene ankabwera pakhonde lake ndi nsalu yokongola. Ankaiyala, ankaisisita, ankafotokoza diresi imene akufuna. Iye akangotola sizasi, iwo ankagwira dzanja lake: dikirani kaye, mungaiononge. Ankaipinda n'kubwerera nayo. Otere sanawaonepo atavala.

"Nsalu yoopa sizasi sivalidwa," anatero telala. Anatambasula manja onse awiri, napereka kaseti.

Mayi uja anaipukuta modekha, naiika mu deki. Poyamba pagalasi panangooneka mizere ikuthamanga. Kenaka panatuluka mtengo wa mango, pansi pake anthu, kenaka nthungululu. Telala anatembenuza mpando, nayang'ana kukhoma.

"Simuonera, bambo?"

"Ndikaonera limodzi ndi mwini wake."

Anakhala choncho, msana ku galasi, makutu ali tcheru. Anamva mabelu a tchalitchi. Anamva mawu a anthu amene anawaperekeza yekha kumanda, akuseka, akuitanizana nyama. Anamva ng'oma. Tepi inkalira ngati njinga yosowa mafuta, koma inkayenda. Inayenda, inayenda, mpaka kumapeto kwenikweni inangoti phwa, deki n'kuima.

"Yaduka," anatero mayiyo. "Koma magule onse tawapeza. Tataya mawu othokoza a tcheyamani."

"Amenewo musadandaule nawo. Analankhula motalika kale tsiku lomwelo."

Onse awiri anaseka. Mayiyo anamupatsa fulashi, kanthu kochepa kuposa chala chamkombaphala. Telala anakatembenuza m'dzanja.

"Ukwati wonse uli m'kanthu aka? Ndi ng'ombe ija tinapha?"

"Zonse. Koma musakakonde kwambiri, bambo. Nakonso tsiku lina kadzasowa polowa, monga yachitira kasetiyi. Musakadalire kamodzi. Muli ndi ana angati?"

Telala anamva. Asanatsike masitepe, anapempha mayiyo kuti aike ukwatiwo m'foni yake, autumizenso kwa Lekeleni ku Kasungu, kwa mwana wake wamwamuna amene ankagwira ntchito ku Joni, ndi kwa mdzukulu wake wamkulu, mphunzitsi wa ku Dedza. Minibasi isanafike pa Zalewa, foni inalira. Anali Lekeleni. Sankamveka bwino, chifukwa ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

Loweruka masana telala anabwereka kanema wamkulu kwa aphunzitsi a pafupi, namuika pakhonde, pamthunzi. Mbiri inali itafika kale paliponse. Anthu anadzaza bwalo, ena anabwera ndi mipando yawo. ANamaseko anawakhazika kutsogolo, pafupi kwambiri ndi galasi.

Ukwati unayambanso. Bambo wina wa imvi analoza mwakachetechete: "Awo akugawa thobwa ndi amayi anga." Mtsikana wina anaona bambo ake amene ankangowamva m'nkhani, akuyendetsa njinga ya mkwati, ndipo anapempha kuti abwezeko pang'ono. Anabweza. Amayi onenepa anadziona ali owonda, amuna a dazi anadziona ali ndi tsitsi, ndipo aliyense ankakana kuti si iye.

Kenaka panaoneka mwamuna wina atavula jekete, tayi ili paphewa, akudula chiuno pakati pa bwalo fumbi lili koboo. Adzukulu onse anatembenuka kuyang'ana telala. Agogo awo, mkulu wa mpingo, ankawauza kawirikawiri kuti iwo chibadwire sanavinepo.

"Kamera imeneyi inali ndi vuto," anatero telala. Bwalo lonse linagwa ndi kuseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali iye mwini.

Ng'oma zitasintha, amayi a msindo analowa pamzere. Patsogolo pawo panali gogo wamfupi wa duku lofiira. Anakweza dzanja, nayamba nyimbo ndi mawu opyapyala koma olunjika. ANamaseko anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi amenewo," anatero motsitsa. "Anali ndi kampata pamano. Ndinali nditaiwala."

Gogo wa pagalasi anafika pakati pa nyimbo, paja amayi a m'mudzi ankathera mawu, ndipo sanaime. Anapitiriza: Pita bwino, nkhunda yanga, chitseko sititseka. Amayi a pabwalo anayang'anana. ANamaseko anadzuka, anamanga chitenje m'chiuno, nayankha mayi wake mawu ndi mawu. Mmodzi mmodzi amayi ena anadzuka. Anapempha kuti abwezenso. Anabweza kachiwiri, kachitatu, kangapo, ndipo panalibe woopa kuti china chiduka. Pamene dzuwa linkapendeka, nyimbo inali itatuluka m'galasi, ili m'kamwa mwa anthu. Aliyense amene anali ndi foni anapita ndi ukwatiwo kwawo, ndipo telala sanakanize ndi mmodzi yemwe.

Maso a aNamaseko anapitiriza kuchita chifunga, koma za nkhope ya amayi sanadandaulenso. Chilimwe chotsatira anaitanidwa pamodzi ndi mwamuna wake ku ukwati wina ku Nsipe. Atakhala pansi, anamva atsikana achilendo akuyamba nyimbo ija. Anaiimba yonse, osapunthwa pakati. Gogo wa duku lofiira sankamudziwa, ngakhale dzina lake. Telala anayang'ana mkazi wake.

"Akuithamangitsa pang'ono," anatero aNamaseko, phazi likugunda pansi. "Koma ndi yomweyo."

Tsono inu amene mukundimva, ambiri muli ndi sutukesi yanu pamwamba pa kabati. Muli makaseti, muli zimbale, muli foni yakale yosayaka imene muli mawu a munthu amene simudzamumvanso. Mukafika kunyumba tsitsani, muone. Musadikire kuti makina akale abwerere. Pitani nazo pamene alipo amene angathe kuzisamutsa, ndipo zikasamuka, gawirani abale, musasiye pamalo amodzi. Nyengo ikadzasinthanso, mudzasamutsenso.

Ndipo si makaseti okha. Nyimbo, pemphero, luso la manja anu, mbiri ya kumene munachokera, zonsezi zili m'chotengera chimene chikukalamba, ndipo chotengeracho ndinu. Mbewu ya makolo sitinaipeze chifukwa wina anaitsekera m'nkhokwe zaka makumi atatu. Ikanatha ndi anankafumbwe. Tinaipeza chifukwa chaka ndi chaka wina ankalimba mtima, n'kuitaya m'nthaka. Chimene mukuchikonda, chitulutseni mukadali ndi mphamvu yoseka pamodzi ndi ochilandira.