Njerwa ya m'beseni

Panali munthu wina, Yotamu, amene nyumba yake inali pamchenga, m'mbali mwa dambo. Anthu ankamusirira, chifukwa pakhomo pake ukakumba mikono iwiri yokha, madzi awo! Mkazi wake Nasibeko anachita kukalamba ndi kumwalira osadziwa ulendo wa kumadzi.

Chaka china kunachita chivomerezi. Nthaka inasanduka phala, mchenga n'kumatumphuka ndi madzi pabwalo, nyumba n'kutitimira mpaka m'mawindo. Yotamu anapulumukira mkamwa mwa mbuzi, pamodzi ndi mwana wake wamkazi.

Kenaka kunabwera akatswiri oyeza nthaka. Anaboola apa ndi apo, nakhoma zikhomo zofiira. Anati kunsi kwa zikhomozo anthu azilima, koma asamangenso. Mudzi unasamukira kumtunda kwa miyala, kumene madzi amachita kuimira pamzere.

Yotamu anapukwa. Ankangokhala pamwala, maso ali kumunsi, pa mtengo wa mandimu umene anadzala Nasibeko. Zitatha zaka zitatu kuli zii, anayamba kututira njerwa kubwinja kuja kuti amangenso.

Mayi wina mwa akatswiri aja anamupeza akuponda pansi ndi chidendene.

"Taonani, amayi, pali gwa! Panauma kale pano."

Mayiyo sanatsutse. Anatapira mchenga wa pomwepo m'beseni, nathiramo madzi a m'chitsime chakale cha Yotamu. Madzi atabisala, anakhazika njerwa pamwamba. Inakhala bwinobwino.

"Bambo, tamenyani m'mbali mwa beseni."

Yotamu anamenya kangapo. Madzi anatulukira, njerwa n'kumira.

"Madzi apafupiwa ndiwo anameza nyumba yanu. Akadali pansipa, akungodikira kugwedezedwa."

Yotamu anayang'anitsitsa m'beseni muja, nakumbukira kuti mwana wake tsopano ali ndi khanda kumsana. Analira ngati maliro a Nasibeko ndi a dzulo. Atatha, anazula kambande ka mandimu pansi pa mtengo uja, nasenza njerwa zake kubwerera kumiyala. Kamtengoko kakukula monyinyirika, ndipo iye akamakathirira, maso amathawirabe kudambo.

Abale anga, kupukwa si tchimo. Koma malo sayesedwa ndi chidendene tsiku la bata, ndipo chimene chinakukomerani pamalopo mwina ndicho chidzakumizeni. Kumene mtima wanu unatsalira pitani mukaone, mukalime, mukalire ngati n'kulira. Ana okha musakawagoneke kumeneko.